Wosoka Nsapato wa pa Nambala 14

Mu msewu umenewo mageti onse anali akuda. Panalibe lamulo lolembedwa lonena zimenezo, koma munthu wina atapenta lake lobiriwira, anthu anasiya kumupatsa moni mpaka anazindikira yekha kulakwa kwake. Nyumba zinalipo makumi awiri, khumi mbali iyi, khumi mbali inayo, ndipo pa nambala 14 pankakhala a Mlembi.

Dzinali analipeza chifukwa anali mlembi wa komiti ya msewuwo, chaka chachitatu tsopano. Kuntchito, ku kampani ya inshuwalansi, anali wachiwiri kwa mkulu woona za madandaulo, ndipo ntchito yawo yeniyeni inali kulemba makalata okana mwaulemu. Pamenepo anali katswiri. Munthu ankatha kuwerenga kalata yawo mpaka kumapeto, n'kuthokoza, ndipo ankazindikira kuti amukaniza atafika kale panja.

Kunyumba anali ndi zonse zimene munthu wa mu msewuwo ankayenera kukhala nazo. Pabalaza panali sofa yoyera yachikopa yomwe inali isanavulidwe pulasitiki chiigulireni, shelefu ya mabuku omwe akazi awo anasankha poona mtundu wa zikuto, ndi makina othamangirapo munthu ali pamodzimodzi, amene ankayanikapo mathawulo. Loweruka m'mawa ankatsuka galimoto panja pa geti, nthawi yomwe amuna ena onse ankatsuka zawo, n'kumafunsana za matayala. Munthu akanawafunsa ngati moyo ukuwakomera, akanayankha kuti inde, popeza panalibe chimene a nambala 12 anali nacho chomwe iwo analibe.

Achimwene awo anabwera Lachiwiri lina masana. Anali atachitidwa opaleshoni ya mwendo, ndipo madokotala anati azipita kuchipatala katatu pa sabata kwa miyezi iwiri, kuti mwendowo uphunzirenso kuyenda. Kumene ankakhala kunali kutali, pamene pa nambala 14 panali chipinda cha alendo chomwe mlendo anali asanagonemo.

Anatsika mu takisi ndi ndodo, chikwama chimodzi, ndi bokosi lamatabwa lakuda ndi polishi, lokhala ndi lamba wonyamulira. A Mlembi analidziwa bokosilo. Bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo achimwenewa anasiya sukulu n'kuyamba kusoka nsapato m'mbali mwa msewu kuti mng'ono wawo apitirize kuphunzira. Masamu ambiri a Mlembi anawasovera pamwamba pa bokosi lomweli.

"Bokosilinso labwera, achimwene?"

"Nanga likanatsala ndi ndani?"

A Mlembi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Katani ya pa nambala 9 inagwedezeka pang'ono. Ananyamula bokosi n'kuthamangira nalo mu galaja, kenako anabwerera kudzatenga achimwene awo.

Akazi awo anawalandira bwino alamu awo, ndi mtima umodzi ndithu. Anawaphikira tiyi, anawayalira bedi, anawafunsa za mwendo. Koma pambuyo pake, akutsuka makapu kukhitchini, analankhula chapansipansi kwa amuna awo.

"Mayi a nambala 9 afunsa kale kuti alamu amagwira ntchito yanji."

"Ndiye mwawayankha kuti chiyani?"

"Ndati ali m'bizinesi ya zikopa."

A Mlembi anaganizira mawuwo. Silinali bodza. Ngakhale iwo eni ake, atapatsidwa pepala ndi cholembera, sakanaposa pamenepo.

Masiku atatu oyamba achimwene anayesetsa kukhala mlendo. Akakhala pa sofa, pulasitiki inkalira. Akasuntha mwendo, inkaliranso. Anafunsa kuti idzavulidwa liti, n'kuuzidwa kuti pakadzabwera alendo. Sanafunsenso. Tsiku lachinayi anatsegula bokosi lawo. Anayamba ndi nsapato za m'nyumbamo, za a Mlembi, za alamu awo, ngakhale za mwana wamkazi wa a Mlembi amene anali kusukulu yogonera komweko. Zitatha, anatenga kampando n'kukakhala panja pa geti pomwe dzuwa la m'mawa limafika, poti adokotala anati mwendo umafuna kutenthedwa. Bokosi analiika pambali, ati lipitidweko mphepo.

Patapita sabata, a Mlembi pochokera kuntchito anapeza kuti mu galaja, pamene pankathera mphuno ya galimoto, pali majumbo khumi ndi awiri a masitolo odula a m'tauni, atandandalikidwa bwinobwino. Achimwene anali atakhala pakati pawo, phazi lachitsulo lili pakati pa mawondo, misomali ing'onoing'ono ili pakamwa.

"Izi ndi za yani, achimwene?"

Achimwene analavulira misomali m'dzanja. "Za olima maluwa."

"Olima maluwa ake ati?"

"A mu msewu mwako muno. Anayamba ndi mayi aja a katani yogwedezeka. Chidendene chinawathyokera pamaso panga, ndinawakonzera ataimirira ndi mwendo umodzi. Mawa lake kunabwera ena. Aliyense akafika amayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, 'Bambo, iyi ndi ya munthu wotilimira maluwa, mumuthandizeko, ndi wovutika.'" Anapisa m'jumbo n'kutulutsa nsapato yofiira yachizimayi, ya chidendene chachitali ngati chala, n'kuitembenuza pa kuwala. "Uyu yekhayu ndikufuna ndidzamuone akulima."

Ambiri ankabweretsa nsapato imodzi yokha, yowonongekayo, chifukwa imodzi imabisika bwino m'jumbo. Ankabwera nthawi zosiyanasiyana kuti asakumane, ndipo awiri akakumana mwangozi pageti, onse ankafunsa za mwendo wa achimwene n'kubwerera ndi majumbo awo.

"Achimwene," anatero a Mlembi, "muno muli malamulo."

"Ndikuba?"

"Ayi, simukuba."

"Ndikutukwana munthu?"

"Ayi. Kungoti muno sitichita malonda pageti."

"Ine sindinaitane munthu. Ndimangowotha dzuwa. Tagwira apa."

Anawapatsa nsapato yakuda yachimuna kuti aigwire kukamwa kwake guluu aume. A Mlembi anaigwira, ali mu suti yawo, tayi ili m'khosi. Kenako, osauzidwa, anatenga ulusi n'kuukoka pa phula kawiri, monga ankachitira ali mwana, n'kuupereka. Manja anali asanaiwale. Anakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, atakhalira chitini cha penti, fungo la guluu ndi chikopa lili m'mphuno, ndipo panalibe chimene ankaganiza. Akazi awo atawaitana kuti adzadye, anadzidzimuka ngati munthu wopezedwa m'nyumba ya eni.

Komiti inkakumana Lachinayi loyamba la mwezi, faifi koloko madzulo, pa nambala 1, kunyumba kwa a Wapampando. A Wapampando anali bambo wamkulu thupi amene anapuma ntchito kubanki, ndipo ankalankhulabe ngati munthu akufuna kumupempha kanthu. Mamembala ena anali a Dokotala wa mano a pa nambala 6 ndi Mayi a nambala 9. Ankakhala mozungulira tebulo lagalasi, pakati pali mbale ya mabisiketi omwe aliyense ankatengapo imodzi yokha.

Anayamba ndi nkhani ya kapinga. Anagwirizana kuti asatalike kuposa chala chapakati cha a Wapampando. Anakambirana za galu wa pa nambala 17, amene ankauwa mosagwirizana ndi ulemu wa msewuwo. Kenako a Wapampando anatsokomola.

"Mfundo yachitatu. Malonda a m'mbali mwa msewu. Sitikunena munthu."

"Sitikunena munthu ngakhale pang'ono," anavomera Mayi a nambala 9. "Koma dzulo mlendo wanga anandifunsa ngati tatsegula msika."

"Zimayamba choncho," anatero a Dokotala wa mano. "Lero nsapato, mawa wometa tsitsi, mkuja mupeza munthu akuwotcherera zitsulo pakhomo panu. N'chimodzimodzi ndi dzino. Kabowo kamayamba kakang'ono."

A Mlembi ankalemba zonsezi m'buku la zokambirana, mawu ndi mawu. Polemba za dzinolo cholembera chinawapulumuka n'kugwera pansi. Atawerama kuti achitole, anaona mapazi a komiti. Achimwene anali ndi kasokedwe kawokawo: pomaliza ankapingasa ulusi kawiri pafupi ndi chidendene, kachizindikiro kakang'ono komwe munthu wosadziwa sangakaone. Kanali pa nsapato yakumanzere ya a Wapampando. Kanali pa yakumanja ya a Dokotala wa mano. Pa Mayi a nambala 9 kanali konsekonse.

Anadzuka ndi cholembera chawo, n'kuwongola tayi.

"Ndiye tagwirizana," anatero a Wapampando. "A Mlembi, mulembe kalata kwa mwini wa nambala 14."

"Mwini wa nambala 14 ndine, a Wapampando."

"Tikudziwa. N'chifukwa chake sipakhala vuto. Adilesi mukuidziwa."

Anaponya voti pokweza manja. Manja atatu anakwera. A Mlembi anayang'ana buku lawo. M'zaka zitatu zonse anali asanalembepo china choposa mawu akuti "onse anagwirizana", ndipo tsamba lililonse linkaoneka laukhondo chifukwa cha zimenezo. Anakweza dzanja lawo, osati pamwamba kwambiri, kungofika m'khutu.

Kalatayo anailemba mawa lake ku ofesi, nthawi ya nkhomaliro, chitseko atatseka. Inawatengera maulendo anayi. Inayamba ndi kuthokoza mwini wa nambala 14 chifukwa cha mtima wake wosamalira abale. Inapitiriza ndi kufunira wodwalayo kuchira msanga. Inanena kawiri kuti palibe amene akuthamangitsidwa. Ndipo m'ndime yachinayi, pakati pa mawu akuti "modandaula" ndi "tili ndi chikhulupiriro", inapereka masiku asanu ndi awiri kuti zipangizo zonse zamalonda zisaonekenso, kaya pageti, kaya mu galaja, kaya pena paliponse pomwe anthu angamafikepo ndi majumbo. Ataiwerenga komaliza, a Mlembi anadziwa kuti inali kalata yabwino kuposa makalata onse amene analembapo.

Anaisayina, anaidinda chidindo cha komiti, anaimata mu envelopu. Madzulo atafika kunyumba anaiponya m'kabokosi ka makalata ka pageti lawo, analowetsa galimoto, kenako anabwerera ndi kiyi kudzatsegula kabokosiko. Munali kalata imodzi.

Akazi awo anaiwerenga ataimirira kukhitchini.

"Anthu opanda chisoni," anatero.

"Amayi, ndalemba ndine."

"Ndikudziwa. Ine ndikunena komitiyo." Anaipinda bwinobwino. "Koma mukawauza nokha alamu. Ine sindingathe. Andikonzera chikwama changa chija, osawapempha n'komwe."

A Mlembi anayesa njira ina. Monga mwini wa nambala 14, analemba yankho lopempha kuti komiti idikire masabata asanu, wodwala amalize zachipatala. Monga mlembi, analandira yankholo n'kupita nalo kwa a Wapampando. A Wapampando anati pempholo lalembedwa bwino kwambiri, koma akalola mmodzi ndiye kuti alola onse. Monga mlembi, analembanso kalata yokana, ndipo monga mwini nyumba anailandira. Zonsezi zinadya masiku anayi mwa asanu ndi awiri aja.

Tsiku lachisanu, Lachitatu, anaweruka msanga n'kulowa mu galaja ndi kalata yoyamba ija. Achimwene ankadula mphira wa soli ndi mpeni.

"Kwabwera kalata, achimwene. Ikukhudza inuyo."

"Undiwerengere. Ine zilembo zing'onozing'onozo zimandithawa."

A Mlembi anawerenga ataimirira. Mawu amene ku ofesi ankamveka osalala, mu galaja muno ankamveka ngati munthu akuyenda pa miyala. Achimwene anamvetsera mpeni uli m'manja, mutu atapendeketsa.

"Tabwereza pamene pali 'modandaula' paja."

Anabwereza.

"Ndiye akuti ndichoke?"

"Ayi, achimwene. Akuti bokosi lisaoneke."

"Bokosi lisaoneke." Achimwene anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Walemba ndani?"

A Mlembi anayang'ana chidindo, ngati kuti dzina lingasinthe. "Ndalemba ndine."

"Ndinadziwa. Ndinamva m'mawumo. Munthu wakuzula dzino, iwe n'kumati akukusisita tsaya." Anaseka pang'ono, kuseka kwenikweni. "Sukulu ija sinapite pachabe, mphwanga. Umalemba iwe."

Ananena zimenezi popanda mkwiyo, popanda chipongwe, ndipo a Mlembi akanakonda achimwenewo akanangowagenda ndi nyundo. Anafuna kunena kanthu, koma mawu onse amene anabwera m'mutu anali a m'makalata.

"Usavutike," anatero achimwene. "Ine kukhala manja ali pamwendo sindingathe, ndingadwale zenizeni. Pa geti la chipatala pali mkulu wina wokonza mawotchi, timacheza ndikamadikira takisi. Ali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba yake, komanso benchi yake ndi yaitali, tikwanapo awiri. Kumeneko ndizingoyenda wapansi kupita kwa adokotala. Mwendo ndiye ufuna zomwezo."

"Simukuthamangitsidwa, achimwene."

"Ndamva. Kalata yanena kawiri."

Masiku awiri otsalawo achimwene anagwira ntchito chitseko cha galaja chili chotseka, chifukwa anati sangasiye ntchito ya anthu ili pakati. Loweruka m'mawa, amuna onse a mu msewuwo akutsuka magalimoto, takisi inaima pa nambala 14. Achimwene anatuluka ndi ndodo, chikwama ndi bokosi. Anakweza dzanja kupereka moni kwa onse, ndipo onse panthawiyo anali atawerama, akutsuka matayala. Akazi awo a Mlembi analira pang'ono pakhonde, kumbali komwe sikuonekera kumsewu.

Mu galaja munatsala thumba lalikulu. "Uwapatse eni ake," anali atatero achimwene. Munali nsapato khumi ndi zisanu ndi zinayi, zokonzedwa, zopolishidwa, zambiri za mwendo umodzi.

Palibe amene anabwera kudzatenga. A Mlembi anadikira sabata yathunthu. Kukapereka khomo ndi khomo sakanatha, chifukwa kutero kunali kuuza munthu kuti akudziwa, ndipo mu msewuwo kudziwa kanthu ka mnzako kunali kololedwa bola osamuuza. Loweruka lotsatira anayesa kwa a Dokotala wa mano, onse atagwira mapaipi a madzi.

"Achimwene anasiya nsapato zingapo. Kaya wokulimirani maluwa uja..."

"Ine nsapato ikang'ambika ndimataya," anatero a Dokotala. "Matayala anuwa ndi atsopano?"

Thumbalo linakhala mu galaja milungu itatu. A Mlembi akamatuluka m'galimoto ankalipunthwa, ndipo tsiku lililonse linkawakwiyitsa mowonjezera, ngakhale sankadziwa bwinobwino kuti akukwiyira ndani. Pofika Lachinayi la msonkhano, anali atatsimikiza mtima. Analinyamula paphewa masana dzuwa likuwala, kuchokera pa nambala 14 mpaka pa nambala 1, makatani akugwedezeka mbali zonse ziwiri. M'moyo wawo wonse wa mu msewuwo anali asanachitepo chinthu chachikulu chotere.

Anadikira mpaka nkhani ya kapinga ndi ya galu zitatha. A Wapampando atafunsa ngati pali zina ndi zina, a Mlembi anasuntha mbale ya mabisiketi, anamasula thumba, n'kuyamba kundandalika nsapato pa tebulo lagalasi, imodzi imodzi, zonse zitaloza kwa a Wapampando. Yofiira ija anaiika pakati.

"Katundu uyu anatsala pa nambala 14," anatero. "Ndikupempha eni ake atenge."

A Wapampando ankayang'ana nsapato ina yakhofi yakumanja, yachikopa chofewa, monga bambo amayang'anira mwana wake atamupeza kupolisi. Mayi a nambala 9 ankayang'ana kudenga. A Dokotala wa mano anatenga bisiketi yachiwiri, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo.

"Ine sindikuzidziwa," anatero a Wapampando pomaliza.

"Nanenso," anatero a Dokotala.

Apo Mayi a nambala 9 anatsitsa maso kuchokera kudenga, nkhope itawala. "Bwanji tizipereke kwa osauka?"

"Zambiri n'za mwendo umodzi, mayi," anatero a Mlembi.

"Aliko anthu a mwendo umodzi," anatero a Dokotala wa mano. "Ndinawaonapo."

Mfundoyo inakondweretsa onse. A Wapampando anati kwa nthawi yaitali akhala akuganiza kuti msewuwo uyenera kumachitako zachifundo, monga umachitira msewu wa kuseri, womwe unapereka mabulangete chaka chatha. Anaitana akazi awo kuti adzawajambule ndi foni. Komiti inaimirira kuseri kwa tebulo, nsapato zili patsogolo, ndipo a Mlembi anaikidwa pakati chifukwa ndiwo anabweretsa nsapatozo. Chithunzicho chinatumizidwa ku gulu la pa foni la msewu wonse, ndipo anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi anayankha ndi timanja towomba. Ena mwa iwo anali kuona nsapato zawo komaliza.

"A Mlembi," anatero a Wapampando powaperekeza pakhomo, dzanja lili paphewa pawo, "mwationetsa mtima wa utsogoleri. Chaka chamawa pakufunika wachiwiri kwa wapampando. Ndikuganiza za inu."

A Mlembi anamva kukoma mumtima. Anazindikira kuti akumva kukoma, n'kuchita manyazi, ndipo zinthu ziwirizi zinayenda nawo limodzi mpaka kunyumba, popanda china kugonja. Asanadye analemba m'buku kuti onse anagwirizana.

Kwa achimwene anapitako kawiri, nthawi ya nkhomaliro, galimoto ataisiya patali. Anawapeza pa benchi pansi pa mtengo, pambali pa wokonza mawotchi, atazunguliridwa ndi nsapato zoyera za anamwino. Anali atanenepako. Ndodo inali itatsamira pamtengo, ndipo ankaiiwala akamadzuka. Ulendo woyamba a Mlembi anawafotokozera za nsapato zija ndi chithunzi, akuyembekezera kuti akhumudwa. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola, anamuitana wokonza mawotchi kuti amvenso, ndipo a Mlembi anachita kubwereza nkhani yonse kuyambira pachiyambi.

"Ndiye kuli nyumba khumi ndi zingapo zomwe zikusunga nsapato imodzi imodzi?" anafunsa wokonza mawotchi.

"Zikusunga," anatero a Mlembi.

"Akudikira chiyani?"

A Mlembi anayang'ana wotchi yawo, n'kunena kuti nthawi ya nkhomaliro yatha.

Miyezi iwiri itakwana, madokotala anati mwendo wachira. A Mlembi anapempha tchuthi cha theka la tsiku n'kukawatenga achimwene kuti akawasiye kudepoti. Akazi awo anawapatsira juzi yatsopano yoti akapereke kwa alamu, itakulungidwa m'pepala lonyezimira. Kudepoti kunali anthu ambiri ndi fumbi, ndipo a Mlembi ananyamula okha bokosi lija kudutsa pakati pa mabasi, lamba ali paphewa, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Linasiya mzere wakuda pa shati yawo yoyera.

Pakhomo la basi achimwene anaima n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Watopa iwe," anatero.

"Ndi ntchito, achimwene."

"Eya. Uzibwera kwathu kuja. Ubwere ndi mlamu ndi mwana. Kulibe geti, ungolowa."

"Tibwera. Zikangotha za chisankho cha komitizi, tibwera ndithu."

"Chabwino."

"Achimwene, za kalata ija..."

"Ndinaisunga," anatero achimwene, akusisita thumba la jekete. "Ndikawaonetsa anthu kwathu kuti mphwanga amalemba chonchi." Anakwera masitepe a basi popanda kugwira chitsulo, n'kutembenuka kuti mng'ono wawo aone kuti sanagwire.

Basi itapita, a Mlembi anakhala m'galimoto nthawi yaitali osaliza injini. Munthu wina wofuna malo oimikapo anawaimbira hutala kawiri, kenako anatopa n'kupita. Anaganiza zoti mwina asabwererenso ku ofesi tsiku limenelo, mwina angoyendetsa galimoto kutsatira msewu womwe basi yalowera, aone kumene angakafike. Anaganiza zimenezi mofatsa ndithu, mpaka anayang'ana mafuta ngati angakwane. Anali okwana. Kenako anakumbukira kuti pa tebulo pawo pali madandaulo asanu ndi limodzi odikira mayankho, ndipo anabwerera ku ofesi n'kuwayankha onse.

Pofika kunyumba madzulo anapeza akazi awo ataima pageti, manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana ku nambala 12. Pamwamba pa mpanda wa nambala 12 panali nyali zinayi zatsopano, zozungulira ngati mipira, zoyaka zokha munthu akamadutsa. Pa nambala 10 amisiri anali pa makwerero, akumangirira zofanana nazo.

A Mlembi anatsitsa galasi la galimoto.

"Alamu apita bwino?" anafunsa akazi awo, maso ali kumpanda.

"Apita bwino. Athokoza juzi."

"Mwaziona?"

"Ndaziona."

"Akuti zatsala zochepa kusitolo."

A Mlembi anayang'ana nyalizo. Galu wina anadutsa, ndipo zinayaka zonse zinayi, ngakhale kunja kunali kusanade.

"Loweruka," anatero.

"Lachisanu," anatero akazi awo, n'kuwatsegulira geti.